Ulendo wa Kobiri la Mkuwa

Mkuwa unali chuma kuno Azungu asanafike. Ku Ingombe Ilede, m'mbali mwa Zambezi ku Zambia, ofukula zakale adapeza mipukutu ya waya ndi mkuwa wosungunula woumbidwa mopingasa. Ku Mankhamba, likulu la Kalonga, Yusuf Juwayeyi adafukula zinthu zamkuwa, mikanda ndi mapale a mbale zochokera ku China. Komabe pamalonda a tsiku ndi tsiku makolo ankasinthana ndi nsalu, mchere, makasu ndi mikanda.

Ku China nako ndalama zidayambira pa zida. Ndalama zawo zakale zamkuwa ankaziumba ngati timakasu ndi timipeni, mpaka mfumu Qin Shi Huang atagwirizanitsa dzikolo mu 221 BC n'kukhazikitsa ndalama yozungulira yobooka pakati.

Kuno ku Malawi makobiri adalowera pa Blantyre. Kampani ya African Lakes, yomwe idayamba mu 1878, poyamba inkalipira antchito ake a ku Mandala ndi nsalu. Chidasintha zinthu ndi msonkho wa nyumba womwe boma la atsamunda la Harry Johnston lidakhazikitsa m'ma 1890. Wofuna sheleni ya msonkho ankayenera kukagwira ntchito kwa mzungu kapena kugulitsa mbewu zake, ndipo apa sitingabise: Amalawi ambiri adaidziwa ndalama mokakamizidwa.

Akuluakulu a ku Manja ndi ku Soche mu Blantyre amakumbukirabe kobiri la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Lidatuluka mu 1955, lamkuwa, lobooka pakati, njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku. Linkatheka kulitunga pachingwe kuti lisatayike, monga ankachitira a ku China. Limodzi nalo kunali tiki, sikisi ndi sheleni, zomwe zinkapita m'masitolo a Amwenye ku Limbe.

Ufulu utabwera mu 1964, ndalama zidayamba kuonetsa nkhope ya Kamuzu Banda, ndipo Reserve Bank of Malawi idatsegula zitseko mu Blantyre mu 1965. Mu 1971 kudabwera kwacha ndi tambala, K2 kulingana ndi paundi imodzi. Wani tambala ndi thu tambala zinali zamkuwa.

Kukwera mitengo kwa zinthu ndiko kudazimaliza. Ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10 zomwe zidatuluka mu 2012 n'zovomerezeka ndithu, koma pamsika wa Manja palibe mulu wa tomato womwe zingagule. Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe amapinda zapepala pakati pa zala, ndipo ogula ambiri amangolipira pafoni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba.