Mwapambana mlandu wa ngongole: ndalama mungazipeze bwanji?

Chigamulo cha khoti choti munthu abweze ngongole si ndalama, ndi chilolezo chabe choti mwini ndalamayo agwiritse ntchito mphamvu za boma pozitolera. Khoti silidzuka palokha kukalondola wangongole. Wopambana mlandu ndiye ayenera kubwereranso kukhoti kukapempha lamulo lina lokakamiza kuti chigamulo chitsatidwe, ndipo ambiri amagwa ulesi pomwepa poganiza kuti ntchito inatha tsiku lomwe woweruza anayankhula.

Kukhoti lalikulu, njira zimenezi zili mu gawo 28 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu yosakhudza upandu omwe anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2017. Makhoti a majisitireti ali ndi malamulo awoawo, koma maziko ake ndi ofanana. Funso loyamba pa njira zonse ndi limodzi: kodi chuma cha wangongoleyo chili pati?

Njira yodziwika kwambiri ndi ya masherifu. Khoti limapereka chikalata cholamula kuti katundu alandidwe ndi kugulitsidwa, ndipo ofesi ya sherifu, yomwe ili pansi pa nthambi ya makhoti, imapita kunyumba kapena kumalo a bizinesi, kulemba katundu, kumunyamula ndi kumugulitsa pa okushoni ngati ndalama sizinaperekedwe. Zolipira za masherifu zimawonjezeredwa pa ngongole, choncho wozengereza amalipira zambiri kuposa zomwe khoti linagamula. Si katundu yense amene angatengedwe. Lamulo limateteza zovala ndi zofunda za banja, komanso zipangizo zogwirira ntchito mpaka pa mtengo wina wake, poti cholinga ndi kutolera ngongole osati kusiya munthu ali chimanjamanja.

Njirayi imaopsa, ndipo kawirikawiri kungoima kwa galimoto ya masherifu pageti kumatulutsa ndalama zomwe dzulo lake zinkanenedwa kuti palibe. Koma ikafika pa okushoni penipeni imakhumudwitsa. Mipando, firiji ndi TV zakale zimapita pamtengo wozizira, ndipo akachotsapo zolipira zonse, mwini ndalama amatsala ndi zochepa. Vuto lina ndi la umwini. Masherifu amaloledwa kutenga katundu wa wangongole yekha. Mkazi wake, m'bale wake kapena mwini nyumba akanena kuti galimotoyo ndi yake, kugulitsa kumaima kufikira khoti litamva umboni. Ena amanena zoona, ena amabwera ndi malisiti olembedwa usiku wathawu, koma onsewo amadya nthawi. Ndipo ngati ngongole ndi ya kampani, katundu wa eni kampaniyo sakhudzidwa, pokhapokha ngati iwo anasaina kuti adzalipira kampani ikalephera.

Njira yachangu, ngati mukudziwa komwe wangongole amasunga ndalama, ndi yomwe maloya amaitcha garnishee. Apa khoti silikhudza katundu, koma limalamula munthu wachitatu amene akusunga ndalama za wangongoleyo, kawirikawiri banki, kuti azipereke kwa inu. Zimachitika m'magawo awiri. Poyamba khoti limapereka lamulo lapoyembekezera wangongole asanadziwitsidwe, ndipo banki ikalilandira imatsekera ndalamazo. Kenako mbali zonse zimaitanidwa kuti zinene chifukwa chomwe lamulolo lisakhazikitsidwe. Chinsinsi chimenechi chili ndi chifukwa chake: masiku ano munthu atha kukhuthula akaunti yonse pafoni asanamalize kumwa tiyi. Lamuloli limagwira ndalama zokhazo zomwe zinalimo, kotero kulipereka akaunti ili mbee n'kutaya ndalama za loya. Mwini ndalama wanzeru amayang'ana macheke akale ndi malisiti a banki omwe ankalipiridwira pomwe ubale unali bwino, chifukwa pamenepo ndi pomwe pamapezeka dzina la banki ndi nambala ya akaunti. Wachitatuyo sayenera kukhala banki yokha ayi. Kampani yomwe wangongole anaigwirira ntchito koma sinamulipire nayonso ikhoza kulamulidwa chimodzimodzi.

Wangongole akakhala ndi nyumba, malo olembetsedwa kapena masheya, khoti litha kuika chumacho ngati chikole cha ngongoleyo. Ndalama sizibwera msanga, koma mwini malo sangawagulitse mosavuta ngongole ili pomwepo, ndipo pambuyo pake mukhoza kupempha kuti agulitsidwe. Musanadalire njirayi, kafufuzeni ku ofesi yolembetsa malo. Banki yomwe inalembetsa chikole chake kale imayamba kudya ndiyo, inu n'kulandira zotsala ngati zilipo. Pali njira inanso yoika munthu wapadera wotolera ndalama za lendi kapena phindu la bizinesi, komanso kupempha, pansi pa lamulo la 2016 lokhudza olephera kubweza ngongole, kuti kampani itsekedwe. Yomalizayi njolemera, poti chuma chimagawidwa kwa onse omwe kampaniyo ili nawo ngongole, osati kwa wodandaula yekha.

Wangongole nayenso ali ndi pothawira. Akhoza kupempha khoti kuti azilipira pang'onopang'ono, ataulula zomwe amapeza ndi zomwe ali nazo. Akhoza kuchita apilo, ngakhale apilo payokha siimitsa masherifu. Pamafunika chiletso chapadera, ndipo nthawi zina khoti limachipereka pokhapokha ndalamazo kapena gawo lake zitasungitsidwa kukhoti. Chomwe sichingachitike ndi kumutsekera m'ndende chifukwa choti walephera kubweza. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kumanga munthu chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano. Chizolowezi chotengera wangongole kupolisi kuti “akamuopseze pang'ono” chilibe maziko m'malamulo, pokhapokha ngati panali chinyengo, umene uli mlandu wina. Chimodzimodzi kukanyamula nokha katundu kunyumba kwake, ngakhale muli ndi chigamulo m'thumba: mukhoza kubwerako inuyo muli woimbidwa mlandu.

Boma likakhala ndilo lili ndi ngongole, zinthu zimayenda mosiyana. Musanalisumire, lamulo limafuna kuti mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo adziwitsidwe m'kalata kenako padutse miyezi itatu, ndipo ngakhale mutapambana, masherifu sathamangira ku Capital Hill mawa lake. Boma limapatsidwa nthawi yoti lilipire, ndipo ambiri amadikira nthawi yaitali kuti Treasury itulutse ndalamazo.

Akuluakulu amati mlandu suwola, koma lamulo loika malire a nthawi silivomereza kwathunthu: pakapita zaka 12 simungatsegule mlandu wochokera pa chigamulocho, ndipo chiwongoladzanja chomwe chakhala chosatoleredwa kwa zaka zoposa 6 chimatayika. Komabe mdani weniweni wa mwini ndalama si zaka 12 zimenezi. Lamulo la makhoti limaika chiwongoladzanja cha K5 pa K100 iliyonse pachaka pa ndalama zomwe khoti lagamula. Pa K10 miliyoni, imeneyo ndi K500,000 pachaka. M'mwezi wa November 2023, Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, pomwe mu May 2022 inali itaitsitsa kale ndi 25 peresenti. Wamalonda amene anapambana mlandu kumayambiriro kwa 2022 n'kulandira ndalama zake zonse zaka ziwiri pambuyo pake sakanatha kugula nazo katundu yemwe anakongoza uja. Wangongole wochenjera amadziwa masamu amenewa, ndipo n'chifukwa chake amalonjeza “kumapeto kwa mwezi” mwaulemu wonse, mwezi ndi mwezi.