Tsobola Wakale Sawawa? Mbiri ya Mfuti ya Nkhondo Imene Idasanduka ya Mlenje

Akuluakulu akale adati tsobola wakale sawawa. Ponena mwambiwu ankatanthauza kuti chinthu chikakalamba mphamvu yake imatha, ndipo sichingagwirenso ntchito imene chinkagwira pa nthawi yake. Komabe akuluakulu omwewo sankataya khasu lakutha. Ankapita nalo kuchipala, wosula nkupukusa mvukuto, ndipo pofika madzulo khasu lija limakhala litasanduka kasemasema, mpeni kapena mivi ingapo. Mbiri ya mfuti ya Lee-Enfield, imene ambiri amaidziwa ndi nambala ya chipolopolo chake, .303, ikufanana ndi ya khasu lotere. Idapangidwira nkhondo, idatha ndi nkhondo, kenaka amisiri a m'maiko ambiri adaisula mwatsopano kuti izidyetsa mabanja.

Chiyambi cha mfutiyi

M'chaka cha 1888 asilikali a Britain adalandira mfuti yatsopano yotchedwa Lee-Metford. Dzinali lidachokera kwa anthu awiri. James Paris Lee, wobadwira ku Scotland, ndiye adakonza mpiringidzo wotsekera chipolopolo pamodzi ndi kabokosi kosungiramo zipolopolo. William Metford ndiye adakonza mizere yopotana ya m'kati mwa mpope, imene imazunguza chipolopolo kuti chiziyenda mosakhota. Posakhalitsa onga wakuda udalowedwa m'malo ndi onga wopanda utsi wotchedwa cordite, umene unkatentha kwambiri nkumadya mizere yosaya ya Metford. Fakitale ya boma ya ku Enfield, kumpoto kwa London, idakonza mizere yakuya, ndipo mu 1895 padabadwa Lee-Enfield.

Pambuyo pa nkhondo ya Maburu ku South Africa mfutiyi idafupikitsidwa kuti msilikali wapansi ndi wapakavalo azinyamula yofanana. Mtundu wake wa mu 1907 ndiwo udamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo wina wotchedwa No. 4 udafala kuyambira mu 1941. Kabokosi kake kankalowa zipolopolo 10, ndipo msilikali wophunzitsidwa bwino ankayenera kuomba molunjika kokwana 15 pa mphindi imodzi. Mfutizi zinkapangidwa ku Enfield, ku Birmingham, ku Lithgow m'dziko la Australia, ku Ishapore m'dziko la India, ku Long Branch m'dziko la Canada ndi kwina, ndipo zonse pamodzi zidafika pafupifupi 17 miliyoni. Mu 1957 asilikali a Britain adayamba kuzisiya, natenga mfuti yodzilowetsera yokha chipolopolo.

Tsono nkhondo ikatha, boma limatsala ndi nkhokwe zodzala zida zimene silikuzifunanso. Zina adaziphwanya, zina adapatsa maiko ena, koma zochuluka adazigulitsa kwa amalonda pa mtengo wozizira. Mlimi amene sakadatha kugula mfuti ya uzimba yopangidwa ndi amisiri a ku London adapeza kuti ya asilikali angaikwanitse.

Chifukwa chake inkasinthidwa

Msilikali ndi mlenje safuna chimodzi. Mfuti ya msilikali idakutidwa ndi thabwa mpaka kunsonga, kuti dzanja lisapse mpope ukatentha ndi kuomba kosalekeza. Kunsongako kunali chitsulo cholemera chomangirapo mpeni wobayira mdani. Cholozera chake chidalembedwa mpaka mayadi 2,000, mtunda umene mlenje wanzeru sangaomberepo nyama. Kulemera kwake kunali pafupifupi makilogalamu 4. Mlenje amayenda tsiku lonse m'mapiri ndi m'zigwa, mwina nkuomba kamodzi kokha. Chimene iye amafuna ndi mfuti yopepuka, yosakola m'ziyangoyango, yofika paphewa msanga.

Nzeru yosintha sidayambe ndi anthu osauka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 kampani ya BSA ya ku Birmingham inkagulitsa mfuti za uzimba zotchedwa Lee-Speed, zomangidwa pa mpiringidzo womwewo wa Lee, ndipo akuluakulu a asilikali ankazikonda. Ku America, Theodore Roosevelt adapita kukasaka kum'mawa kwa Africa mu 1909 atanyamula mfuti ya asilikali ya Springfield yokonzedwa mwa uzimba. Kampani ya Griffin & Howe, imene idatsegulidwa ku New York mu 1923, idatchuka ndi ntchito yomweyi. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, luso limene linali la olemera lidatsikira kwa anthu wamba. Kampani ya Parker-Hale ya ku Birmingham inkasintha mfuti zambirimbiri, ndipo m'makhonde ndi m'magalaja a m'maiko ambiri amuna ankagwira ntchitoyi ndi manja ao.

Ntchito ya mmisiri

Mmisiri weniweni sankayamba ndi sowo. Ankayamba ndi maso. Amachotsa mpiringidzo, nkuloza mpope kumene kuli kuwala, kuti aone ngati mizere ya m'kati ikadali yakuthwa. Zipolopolo za nthawi ya nkhondo zinkasiya mchere m'mpope, ndipo mcherewo unkakoka chinyezi nkubala dzimbiri. Nchifukwa chake asilikali ankathira madzi owira m'mpope akatha kuomba. Mfuti ya msilikali waulesi inkadziwika patapita zaka makumi awiri, pakuti m'kati mwake munkakhala mwakuda ndi modyeka ngati mphika wakale. Mpope wotere unkafunika kuchotsedwa nkuikapo wina.

Chachiwiri chinali kuyeza mpata wa pakati pa mutu wa mpiringidzo ndi chipolopolo. Mpatawu ukakula, chikho cha chipolopolo chimatha kung'ambika pouomba, moto nkubwerera kunkhope kwa mwini. Apa Lee-Enfield inali ndi ubwino wake, popeza mutu wa mpiringidzo umamasulidwa nkusinthidwa. Pa No. 4 mituyi idalembedwa manambala kuyambira 0 mpaka 3 molingana ndi kutalika kwake, kotero mmisiri ankasankha woyenera. Munthu wothamangira kukongoletsa asanayeze malo amenewa anali ngati womanga denga la nyumba yopanda maziko.

Zitsulo zikapezeka kuti nzabwino, mpamene ntchito ya thabwa inkayamba. Mmisiri wosauka ankangofupikitsa thabwa lakale, nkulisalaza ndi tupa. Wolemekeza luso lake ankafuna thabwa latsopano la mtengo wa walnut, louma bwino kwa zaka, nkulisema molingana ndi msinkhu wa mwini mfuti, kutalika kwa mkono wake ndi pamene tsaya lake limagona. Chovuta koposa chinali kugoba malo ogonamo chitsulo. Ankadetsa chitsulocho ndi mwaye, nkuchiika m'thabwa, nkuchichotsa, nkupala ndi tchizulo paliponse pamene pada, nkubwerezanso, mwina kambirimbiri, kufikira chitsulo ndi thabwa zitagwirana ngati dzino ndi nkhama. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pamenepa ambiri adagwa. Mfuti ya mu 1907 inali ndi mpope wopyapyala umene unkadalira thabwa lalitali lija kuti usanjenjemere mosayenera pouomba. Wodula mosaganiza ankapeza kuti mfuti imene dzulo inkalasa pamodzi lero ikumwaza zipolopolo. Ankadzudzula mfuti, chonsecho cholakwa chinali cha sowo wake.

Zotsala zinali zokometsera, ngakhale nazo zinali ndi ntchito. Pogwira dzanja ankalemba timizere topingasana kuti mfuti isaterereke ndi thukuta kapena mvula. Thabwa ankalipaka mafuta a linseed pang'onopang'ono, kutikita ndi chikhatho, kuliumitsa, nkupakanso, kwa milungu yambiri. Zitsulo ankazipukuta nkuzidetsa ndi mankhwala kuti dzimbiri lisalowe. Kabokosi ka zipolopolo 10 ena ankakasintha ndi ka 5 kuti kasamatulukire pansi. Pambuyo pake kudabwera chizolowezi choboola chitsulo kuti amangirepo galasi loonera patali. Ku Britain mfuti yotuluka m'manja mwa asilikali sinkaloledwa kugulitsidwa isanayesedwe mphamvu ndi kudindidwa chizindikiro kunyumba yoyesera mfuti, monga ya ku Birmingham imene idakhazikitsidwa mu 1813. Ngakhale chipolopolo chinkasintha. Cha nkhondo chimakutidwa chonse ndi chitsulo, potsata pangano la ku Hague la mu 1899 loletsa zipolopolo zofutukuka m'thupi la munthu, pamene cha uzimba chimasiyidwa chofewa kunsonga kuti nyama ife msanga osazunzika.

Kumene idakagwira ntchito

Ku New Zealand, agwape akuluakulu amene azungu adabwera nao kuchokera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 adaswana mpaka kuononga nkhalango. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 boma linkalemba alenje oti aziwachepetsa, ndipo chida chao chinali .303 yodulidwa. Moyo wa alenjewa udalembedwa ndi Barry Crump m'buku lake la mu 1960 lotchedwa A Good Keen Man. Ku Australia, chigawo cha New South Wales chidaika malamulo okhwima pa mfuti zoomba zipolopolo za asilikali nkhondo yachiwiri itatha. Amisiri adapeza njira: adaika mipope yopapatiza, nafinya khosi la chikho cha .303 kuti chigwire chipolopolo chaching'ono, ndipo padabadwa mitundu yotchedwa .303/25 ndi .303/22. Ku Canada mfutiyi idadyetsa mabanja ambiri a kumidzi m'nyengo yozizira, ndipo gulu la Canadian Rangers lolondera kumpoto kwa dzikolo lidanyamula No. 4 kuyambira mu 1947 mpaka cha m'ma 2018, chifukwa inkagwirabe ntchito m'chisanu choopsa. Tsobola ameneyu adawawabe kwa zaka makumi asanu ndi awiri.

Malonda otsika mtengowa adali ndi mbali yake yakuda. Mfuti imene idapha pulezidenti John Kennedy mu 1963 inali yotsala ya asilikali a ku Italy, yogulidwa kudzera papositi. Mu 1968 dziko la America lidakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa mfuti kwa munthu wamba mwa njira imeneyo, ndiponso lidatseka khomo la mfuti zotsala za asilikali zochokera kunja kwa zaka zingapo.

Kuno ku Malawi nkhani idayenda mosiyana. Gulu la King's African Rifles lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a amuna a dziko lino. Pa nkhondo yachiwiri amunawa adanyamula Lee-Enfield ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ankaidziwa bwino, ankatha kuimasula ndi kuimanga, koma pobwerera kwao adaisiya m'manja mwa boma. Pangano la ku Brussels la mu 1890 lidali litaletsa kale kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo malamulo a atsamunda adatsata mzimu womwewo. Chomwecho .303 inkaoneka kwa apolisi, kwa olondera nyama ndi kwa azungu a m'minda ikuluikulu, pamene mlenje wa kumudzi adatsala ndi gogodera, mfuti yothirira onga kukamwa, imene osula ankaikonza ndi kuisemera thabwa kuchipala. Luso la manja lidalipo. Chimene chidasiyanitsa mmisiri wa kuno ndi wa ku Lithgow linali lamulo la yemwe angaloledwe kugwira chitsulo chotani.

Madzi akatayika

Mfuti zotsala zija zinkaoneka ngati mchenga wa kunyanja, wosatha. Koma chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Masiku ano mfuti ya asilikali imene ili monga idatulukira m'fakitale, ndi zidindo zake zonse, imafunidwa ndi osunga zinthu zakale ndipo kawirikawiri imagulidwa mokwera kuposa yodulidwa. Zidindozo zimanena chaka chimene idapangidwa, fakitale yake, nthawi zina ngakhale gulu la asilikali limene lidainyamula. Tupa la mmisiri likadutsapo, mbiri imeneyo imafufutika. Alipo amene lero amasakasaka matabwa ndi zitsulo zakale kuti abwezere mfuti zodulidwa mmene zinalili, koma mpope wofupikitsidwa sutalikanso, ndipo chitsulo chobooledwa chimakhala ndi chipsera. Madzi akatayika saoleka.

Komabe sikoyenera kuweruza mlimi wa mu 1950 ndi maso a wosunga zakale wa lero. Iye anali ndi ana ofuna ndiwo ndi munda woonongedwa ndi nyama, ndipo mfuti zinali mbwee. Mfuti imene adaisema bwino ili ndi mbiri ziwiri, ya msilikali amene adainyamula ndi ya mmisiri amene adaikonza. Imene idangodulidwa mwaphuma ndiyo idataya mbiri yoyamba osapeza yachiwiri.

Mdzukulu wowerenga mbiriyi adziwe kuti mfuti si chinthu choseweretsa kapena choyesera luso kuseri kwa nyumba. M'Malawi munthu saloledwa kusunga mfuti popanda chilolezo cha boma, ndipo kusaka nako kuli ndi malamulo ake, pakuti nyama zimene makolo ankaziona ngati zosatha zidatsala m'nkhalango zotetezedwa zokha. Phunziro lenileni lili pa zinthu zina zimene agogo amasiya: mtondo, mpando wosema, nkhwangwa, ng'oma, buku la maina a pabanja. Asanazidule, asanazipente, asanazigulitse, mdzukulu ayambe wachita zimene mmisiri wabwino ankachita ndi mpope uja: kuloza kumene kuli kuwala, kuyang'anitsitsa, ndi kufunsa akulu amene akadali moyo kuti chinthucho chidachokera kuti ndipo adachigwira ndani.