MBUMBA NDI NKHOSWE ZACE: MBIRI YA KUCINJIRIZA AMAI NDI ANA KU NKHANZA

 Akuluakulu amatiphunzitsa kuti maina atatu a mpando uno ali ndi matanthauzo ace: Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa dziko, ndipo Undi ndiye wofungatira anthu ace monga mbalame ifungatira ana pansi pa mapiko. M'nkhani ino tifuna kulondola dzina lacitatulo. Tiona amene anali kucinjiriza mai ndi mwana m'masiku a makolo, momwe citetezoco cinafookera, ndiponso momwe apolisi, acipatala, makhoti ndi mafumu anagwirana manja kuti acidzutsenso.

LINGA LA MAKOLO

Ife Acewa timatsata mtundu kucokera kwa mai. Kalonga amabadwa mwa Nyangu, ndipo pa kacisi wa mvula wa ku Msinja mwini nsembe anali Makewana, mai wa ana onse. Ulemu umenewu unafika mpaka m'nyumba ya munthu wamba. Pa ukwati wa cikamwini mwamuna ndiye anali kusamuka, nakamanga pa mudzi wa mkazi wace. Mkazi anali kukhala pakati pa amai ace, abale ace ndi alongo ace, ndipo pamwamba pa onsewo panali mwini mbumba, ndiye mlongo wace wamkulu kapena atsibweni. Ukwati wopanda ankhoswe a mbali zonse ziwiri sunali kuchedwa ukwati.

Motero mkamwini wa dzanja lopepuka analibe pobisala. Kulira kukamveka usiku, m'mawa mwace ankhoswe anali atakhala kale pansi. Akadzudzulidwa kawiri katatu osamva, anali kunyamula nkhwangwa ndi mphasa yace nabwerera kwao, koma ana, munda ndi nkhokwe zinali kutsala ndi mkazi. Mkazi sanali kuopa njala pocoka mu ukwati woipa, ndipo apa ndipo panagona mphamvu yace.

Komabe mbiri yoona siibisa zipsera. M'linga lomwelo munali miyambo imene inapweteka amene linafunika kuwasunga. Namwali anali kupatsidwa mwamuna atangotha msinkhu. M'madera ena fisi anali kulowa m'nyumba ya namwali usiku. Mkazi wamasiye anali kukakamizidwa kugona ndi mwamuna kuti amsasire imfa, ndipo ena analowedwa cokolo mosafuna. Malangizo akuti banja ndi kupirira, ndi akuti za m'nyumba saulula, anatseka pakamwa pa amai ambiri.

LINGA LIGUMUKA

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, boma la kampani ya British South Africa, limene linali ndi likulu ku Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, linaika msonkho wa nyumba. Amuna anayamba ulendo wofuna ndalama ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Amene anacoka sanali amuna a akazi okha, koma alongo ao ndi atsibweni aonso. Citengwa cinacuruka, mkazi natengedwa kumka ku mudzi wa mwamuna kapena ku komboni ya m'tauni, kumene nyumba inali m'dzina la mwamuna ndipo nkhoswe inali pa mtunda wa masiku ambiri.

Kodi mkazi wotere akanathawira kuti? Apolisi a nthawi ya atsamunda anali a msonkho, zitupa ndi kuzima zipolowe. Anthu anali kuwathawa, osati kuwathamangira. Ngakhale titalandira ufulu m'caka ca 1964, mai wofika pa polisi ndi nkhope yotupa kawirikawiri anali kuuzidwa kuti imeneyo ndi nkhani ya m'banja, abwerere akakambirane kunyumba.

Matenda a Edzi atafika m'zaka za m'ma 1980, maliro anacuruka, ndipo kunabuka nkhanza ina yocititsa manyazi: kulanda katundu wa amasiye. Pa mwambo wathu mphwa wolowa m'malo mwa atsibweni ace anali kutenga dzina pamodzi ndi udindo wosunga otsala. Koma tsopano acibale anali kufika maliro asanathe, natenga mipando, mabulangete ndi buku la ku banki, nasiya mkazi ndi ana pa simenti. Anatenga cuma, udindo nausiya.

Nyumba ya Malamulo inayankha m'caka ca 1989 ndi lamulo la Intestate Succession Act. Lamuloli linati munthu akafa osalemba wilo, magawo 50 mwa 100 a cuma cace apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Linatinso nyumba ikhale ya wamasiye ndi ana. Silikhudza malo a mafumu, koma kwa ife otsata mtundu wa mai linali phunziro lalikulu lakuti ana a mwamuna sangatulutsidwe m'nyumba ya atate ao manja ali zii. Vuto linali lakuti panalibe wolondola kuti lamulolo likutsatidwa.

APOLISI ATSEGULA KHOMO

Dziko litabwerera ku ndale za zipani zambiri m'caka ca 1991, panayamba nchito yokonzanso polisi kuti ikhale yotumikira anthu. Mabungwe a amai, makamaka YWCA imene inali kulandira kale akazi othawa nkhanza mu Lusaka, anakakamiza kuti madandaulo a amasiye, amai ndi ana apatsidwe khomo lao. Motero m'caka ca 1994 kunakhazikitsidwa nthambi ya Victim Support Unit, imene inayamba kugwira nchito mu 1996. M'caka ca 1999 lamulo la apolisi linasinthidwa kuti nthambiyi ikhale pa polisi iliyonse. Nchito yace inali kumva wodandaula mwaulemu, kumlangiza, kufufuza mlandu ndi kugwira wolakwa pa nkhani za kumenya, kugwirira, kugona ana, kulanda katundu ndi kuzunza okalamba.

Ciyambi cinali covuta. Ofesi zambiri zinalibe galimoto, ndipo m'malo ena mai anali kufotokoza zamanyazi pa khonde anthu akumva. Koma kwa nthawi yoyamba boma linavomera poyera kuti cocitika kuseri kwa citseko ca nyumba cingakhale mlandu wa dziko.

Malamulo ena anatsatira. Kuyambira 1997 mtsikana wotenga pathupi analoledwa kubwerera ku sukulu atabereka. M'caka ca 2005 cilango ca munthu wogona mwana wosafika zaka 16 cinaikidwa kuti cisacepere zaka 15 m'ndende. Ndipo m'caka ca 2011 kunabwera Anti-Gender-Based Violence Act, lamulo limene linachula nkhanza ndi maina ace: ya kumenya, ya kugonana, ya mau ndi ya cuma. Kulanda katundu, kusasa imfa mwa kugonana ndi ukwati wokakamiza zinawerengedwa m'gulu lomwelo. Linapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira wozunzidwa, ngakhale kumtulutsa m'nyumba, ndipo linalamula wapolisi, namwino ndi ena olandira nkhani zotere kuuza wozunzidwa za ufulu wace ndi kumthandiza kupeza mankhwala ndi pobisala.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Sipanapite nthawi kuti cidziwike kuti polisi payokha singathe. Ganizirani mwana wa kumudzi amene wacitidwa coipa. Ayenera kufika pa polisi kukatenga cikalata, apite naco ku cipatala kuti dokotala alembe zimene waona, abwerere naco ku polisi, kenaka ku khoti, kenakanso kwa a zacisamaliro ca anthu. Khomo lililonse lifuna ndalama ya ulendo, ndipo pa khomo lililonse afotokozenso zimene afuna kuziiwala. Pamenepo nthawi ikutha, pakuti mankhwala oletsa kacirombo ka HIV agwira nchito pokhapo ngati ayambidwa maora 72 asanakwane. Mabanja ambiri anali kutopera panjira, mlandu nufera pomwepo.

Yankho linali kusonkhanitsa makomo onsewa pansi pa denga limodzi. M'caka ca 2006 pa cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka panatsegulidwa malo otere osamalira ana ogwiriridwa. Bungwe la CARE, pamodzi ndi boma ndi mabungwe ena, linatsegula malo ena m'matauni angapo, Chipata ali m'gululo. Malowa, amene lero tiwacha One Stop Centre, afalikira m'zipatala zambiri za maboma, ndipo m'menemo wapolisi, namwino, mlangizi ndi wodziwa malamulo amakhala moyandikana. Panabweranso manambala a lamya aulere a Lifeline/Childline Zambia: 116 ya ana ndi 933 ya nkhani za nkhanza. M'caka ca 2016 ku Kabwe ndi ku Lusaka kunatsegulidwa makhoti oweruza milandu imeneyi mwamsanga, m'mene mwana angapereke umboni osayang'anana maso ndi womlakwira, ndipo pambuyo pace khoti lotere linafikanso ku Chipata.

MAU A MAFUMU

Mzati wotsiriza wa dengali ndi ufumu. Wapolisi amakhala ku boma, koma nyakwawa amagona m'mudzi momwemo. Pozindikira ici, m'caka ca 2013 boma linayamba nkhondo yothetsa maukwati a ana kupyolera mu unduna woona za mafumu. Pa bwalo lino la Kulamba, limene Kalonga Gawa Undi X analidzutsa m'caka ca 1984, Kalonga Gawa Undi XI wakhala akuletsa kukwatitsa ana, fisi, ndi kusasa imfa mwa kugonana, nalamula kuti cinamwali ndi dambwe zisacotse mwana m'kalasi. Mafumu ambiri a kuno kum'mawa acotsa atsikana m'maukwati nawabwezera ku sukulu. Ku Dedza m'Malawi, malemu Inkosi Kachindamoto ya Angoni inachuka pa dziko lonse lapansi pa nchito yomweyi.

Maiko atatu amene Acewa akhalamo tsopano alankhula mau amodzi. Malawi anasintha malamulo akulu a dziko m'caka ca 2017 kuti ukwati uyambire pa zaka 18. Mozambique anaika lamulo loletsa maukwati a ana mu 2019. Kuno ku Zambia, lamulo la Children's Code la 2022 linasonkhanitsa malamulo a ana pamodzi, ndipo mu 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa cikhalidwe, ukhale wopanda mphamvu. Woolotsa mwana pa Mwami kapena pa Chanida kuti akamkwatitse kutsidya adzapeza lamulo lomwelo likumdikira.

PAMENE TAFIKA

Kafukufuku wa boma wa za umoyo anapeza kuti amai amene anamenyedwapo kuyambira ali ndi zaka 15 anali 47 mwa 100 m'caka ca 2007, 43 mu 2013 ndi 2014, ndi 36 mu 2018. Atsikana okwatiwa asanafike zaka 18 anatsika kucoka pa 42 kufika pa 29 mwa 100 m'zaka zomwezo. Koma nkhani zofika kwa apolisi zinakwera, kucoka pa zoposa 22,000 mu 2018 kufika pa zoposa 42,000 mu 2023. Mbali ina ici cisonyeza kuti anthu aleka kubisa. Mbali ina citikumbutsa kukula kwa cironda.

Comvetsa cisoni ndi cakuti milandu yambiri imafera panjira, ndipo amene amaipha ndi ife acibale. Timanyengerera mai kuti akafafanize dandaulo cifukwa womangidwayo ndiye wogula ufa. Timalandira mbuzi kapena ng'ombe pa mwana wogwiriridwa, ngati kuti thupi lace ndi munda wodyedwa ndi ziweto. Tidziwe kuti mlandu wogona mwana suweruzidwa pa bwalo la nyakwawa kapena pa mphasa ya ankhoswe. Malo ace ndi ku cipatala tsiku lomwelo, ku polisi, ndi ku khoti.

Apolisi sanabwere kudzalanda udindo wa mwini mbumba. Anabwera pamene mwini mbumba anali atasowa. Tsopano atsibweni a lero akhale oyamba kukweza mphwa wao pa njinga kumka naye ku cipatala, ndi kukhala pambali pace mpaka ciweruzo citaperekedwa. Anamkungwi aphunzitse namwali ulemu, amphunzitsenso kumene angathawire. Ankhoswe ayanjanitse zoyanjanitsika, koma pamene pakhetsedwa mwazi asanene kuti pirira. Tikatero, anamwali amene tiwaona akuvina pa bwalo lino lero adzabwerera ku sukulu, nadzakula kukhala amai a mtundu wathu, ndipo dzina la Undi lidzamveka m'nyumba iliyonse ya Mcewa.

Yooh Gawa!