Kuulutsa masewero a PlayStation ndi Xbox pa masamba angapo nthawi imodzi

Kuulutsa pa masamba angapo ndi njira yomwe munthu wosewera masewero a pa kanema, omwe achinyamata amawatchula kuti magemu, amatumizira zithunzi ndi mawu ku masamba a intaneti awiri kapena kuposerapo pa nthawi imodzi, kuti anthu azionera pompopompo pamene iye akusewera. Ena mwa masamba odziwika pa ntchitoyi ndi Twitch, YouTube, Facebook, TikTok ndi Kick.

Tsamba la Twitch lidakhazikitsidwa m'dziko la America m'chaka cha 2011 ndipo kampani ya Amazon idaligula mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 970 miliyoni. M'chaka cha 2013, kampani ya Sony idatulutsa makina a PlayStation 4 okhala ndi batani lapadera loyambitsira kuulutsa, ndipo mu 2014 makina a Xbox One a kampani ya Microsoft nawo adayamba kuulutsa kudzera pa Twitch.

Ngakhale zili choncho, makinawa paokha amatumiza ku tsamba limodzi basi. PlayStation 5, yomwe idatuluka mu 2020, imapatsa wosewera mwayi wosankha Twitch kapena YouTube, koma osati onse pamodzi, pomwe Nintendo Switch ya mu 2017 ilibe n'komwe njira youlutsira pompopompo.

Osewera omwe amapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsidwa komanso mphatso za owonera amaopa kudalira tsamba limodzi. Mantha amenewa adakula mu July 2020 pomwe Microsoft idatseka tsamba lake la Mixer, zomwe zidachititsa kuti osewera ambiri akayambirenso kwina kusonkhanitsa owatsatira. Mmodzi mwa okhudzidwa adali Tyler Blevins, wotchuka ndi dzina loti Ninja, yemwe adachoka ku Twitch kupita ku Mixer mu 2019. Pofika mu 2022, iye adayamba kuulutsa pa masamba ambiri nthawi imodzi.

Kuti izi zitheke, pamafunika mkhalapakati pakati pa makina ndi masambawo. Njira yofala ndi kugwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa capture card, monga komwe amapanga makampani a Elgato ndi AVerMedia. Kachipangizoka kamalandira zithunzi kuchokera ku makina kudzera pa nthambo ya HDMI n'kuzipereka ku kompyuta. Pa PlayStation, wosewera amayenera kuyamba wazimitsa chitetezo chotchedwa HDCP, apo ayi pa kompyutapo sipaoneka kanthu.

Zithunzizo zikafika pa kompyuta, pulogalamu ngati OBS Studio, yomwe ndi yaulere, imaziphatikiza ndi mawu komanso nkhope ya wosewerayo kenako n'kuzitumiza. Tsamba lililonse limapereka nambala yachinsinsi yotchedwa stream key, ndipo aliyense amene angaidziwe atha kuulutsa m'dzina la mwiniwake.

Vuto lalikulu lagona pa mphamvu ya intaneti yotumizira zinthu. Kanema wooneka bwino amafuna pafupifupi ma megabit 6 pa sekondi, zomwe zikutanthauza ma gigabyte 2.7 pa ola limodzi. Wotumiza yekha ku masamba atatu amafunika ma megabit 18 pa sekondi ndipo amatha ma gigabyte oposa 8 pa ola. Intaneti ikachepa mphamvu, zithunzi zimadukaduka ndipo owonera amachoka.

Pofuna kupewa vutoli, ambiri amadutsira ku makampani monga Restream, omwe amalandira kanema mmodzi n'kumugawa okha ku masamba onse. Motero wosewera amangotumiza kamodzi, ngakhale kuti zina mwa ntchito za makampaniwa n'zolipira mwezi ndi mwezi.

Kwa zaka zambiri, malamulo a Twitch ankaletsa osewera omwe ali pa mgwirizano wolandira ndalama kuulutsa kwina pa nthawi yomweyo. Chiletsochi chidachotsedwa mu October 2023 pomwe mkulu wa Twitch, a Dan Clancy, adalengeza pa msonkhano wa TwitchCon mumzinda wa Las Vegas kuti osewera ndi omasuka kutero pa tsamba lililonse. Mwa zina, ndondomeko ya nthawiyo idati kanema wa pa Twitch asachepe maonekedwe poyerekeza ndi wa kwina, komanso wosewera asamatumize owonera a pa Twitch ku masamba enawo.

Phuzo lina n'loti owonera amalemba ndemanga pa masamba osiyana, choncho wosewera amavutika kuyankha onse uku akusewera. Kaamba ka ichi, ena amagwiritsa ntchito mapulogalamu osonkhanitsa ndemanga zonse pamalo amodzi kapena kusankha anzawo oti aziwayang'anira ndemangazo pa tsamba lililonse.