Anthu Akuchuluka, Nanga Munda?

M'chaka cha 1798, mumzinda wa London munatuluka kabuku kopanda dzina la mlembi, ndipo mkangano umene kanautsa sunazirale mpaka lero. Mlembiyo anali Thomas Malthus, mbusa wa mpingo wa Anglican, wa zaka 32. Atate ake ankakhulupirira kuti mtundu wa anthu ukuloŵera ku moyo wopanda umphaŵi. Mwanayo anakana, ndipo kutsutsana kwa pakhomoko ndiko kunabala buku.

Mfundo yake inali yosavuta kumva. Iye anati ngati palibe chowaletsa, anthu amaŵirikiza kaŵiri pa zaka 25 zilizonse: 1, 2, 4, 8, 16. Chakudya chokha chimakwera mokwaŵa: 1, 2, 3, 4, 5, popeza munda sukula monga limakulira banja. Tsono pakamwa pakachuluka kuposa nkhokwe, njala, miliri ndi nkhondo ndizo zimabweza chiŵerengero m'mbuyo. Pokonzanso bukulo mu 1803, anawonjezera njira yofatsirapo, yakuti achinyamata azichedwa kuloŵa m'banja. Chodabwitsa n'chakuti poyamba paja analemba zonsezi dziko lake lisanaŵerengepo anthu ake, pakuti kalembera woyamba wa ku Britain anachitika mu 1801.

Pamene matenda anawononga mbatatesi ku Ireland kuyambira mu 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi njala ndi nthenda. Ena anati mawu a mbusa uja apherezera. Koma m'zaka zomwezo zombo zinali kunyamuka m'madoko a Ireland zitasenza tirigu ndi ng'ombe kupita ku England. Chakudya chinalipo, osauka ndiwo analibe chogulira.

Chinanso chimene Malthus sanathe kuchiona ndi feteleza wa m'fakitale, amene njira yake yompangira inapezeka ku Germany mu 1909. Pa nthaŵi ya Malthus anthu pa dziko lonse lapansi anali pafupifupi biliyoni imodzi. Mu 2022 anakwana mabiliyoni 8.

Yankho lomveka kwa alimi linachokera kwa mayi wa ku Denmark, Ester Boserup, katswiri wa zachuma amene anakhalapo ku India. M'buku lake la mu 1965 iye anaitembenuza nkhani yonse. Anati anthu akakhala ochepa, mlimi amatema mphanje, nkulima zaka zoŵerengeka, kenaka nkusiya tsala kuti nthaka ipume. Akachuluka, tsala limasoŵa, ndipo kupanikizika komweko kumamphunzitsa kuthira manyowa, kuthirira ndi kukolola kaŵiri pa chaka. Sanabise kuti ulimi wotere umadya thukuta lambiri, n'chifukwa chake palibe amauyamba asanakakamizike.

Apa ndipo phunziro la jogalafe limaloŵerera. Malthus anafunsa kuti anthu ndi angati. Jogalafe imafunsanso kuti ali kuti, nthaka yawo ndi yotani, ndipo mwini wake ndani.

Kalembera woyamba wa Malaŵi wodzilamulira, mu 1966, anapeza anthu oposa pang'ono mamiliyoni 4. Mu 1987 anali pafupifupi mamiliyoni 8, ndipo mu 2018 anaposa mamiliyoni 17 ndi theka. Kuŵirikiza kumeneku Malthus akanakuzindikira msanga. Koma anthuŵa sanamwazike mofanana. Mu 2018, pa malo otalika kilomita imodzi mbali zonse zinayi, ku Rumphi pankakhala anthu pafupifupi 50, pamene ku Chiradzulu pankakhala oposa 400. Ndipo kuthinana kwa ku mapiri a Chigaŵo cha Kumwera sikunabwere ndi kubereka kokha. Kumeneko azungu anatenga malo aakulu a esiteti m'zaka za m'ma 1890, ndipo Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anadzakhazikika komweko, ochuluka mwa iwo pa thangata.

Mvula itakana mu 1949, njala inavuta kwambiri m'madera ozungulira Blantyre. Akuluakulu ena a boma la atsamunda anathamangira kunena kuti anthu achulukitsa ndipo nthaka yaguga. Patapita zaka, wolemba mbiri Megan Vaughan anafufuza zolembedwa za nthaŵiyo namvetsera zimene amayi a kumeneko ankakumbukira. M'buku lake la mu 1987 anaonetsa kuti njalayo sinagwere onse mofanana: mabanja okhala ndi munthu wolandira malipiro anapulumuka msanga, pamene amayi amene amuna awo anachoka osabwerera anavutika koposa.

Ku Chiradzulu lero, kamunda kamodzi kamakhala ndi chimanga, nandolo, nyemba ndi maungu pamodzi, monga Boserup akanayembekezera. Koma kamunda komweko, mayi akamagaŵira ana ake aakazi atatu, aliyense amalandira mizere yoti angathe kuiŵerenga ataima pamalo amodzi.