MBIRI YA MADISI: FODYA NDI MITENGO

Lero tikambe za Madisi, malo a m'boma la Dowa, m'dziko la Mfumu Chakhaza. Mukanyamuka ku Lilongwe ndi msewu waukulu wonka ku Kasungu, mupitirira Mponela, ndipo mutayenda mamailosi ngati 50 mwafika. Patsogolo pang'ono pali mtsinje wa Bua, ndiwo malire a Dowa ndi Kasungu.

Eni dzikoli ndi Achewa. Makolo awo ankamanga mudzi pa mbumba: mwamuna ankapita kuchikamwini, ndipo minda inali yakuchikazi. M'zaka za m'ma 1800 kunafika Angoni a Chiwere, nakhala kumapiri a Dowa, ndipo anthu ambiri anasiya minda yawo poopa nkhondo. Pambuyo pake kunadza amishoni a Dutch, amene anamanga Mvera m'chaka cha 1889 ndi Kongwe m'chaka cha 1894. Nkhondo zitaleka, anthu anayambanso kulima mosacheuka, ndipo midzi inachuluka m'chigwa chonse.

Koma chimene chinasintha dziko lino koposa zonse ndi fodya. Cha m'ma 1920 Mzungu wina, A. F. Barron, anayamba kugawira anthu a ku Lilongwe mbewu ya fodya wachikopa, uja wofukiza ndi utsi, iye nagula masamba ake. Posakhalitsa ulimiwo unafalikira ku Dowa konse. M'chaka cha 1926 Boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilemba alimi ndi kuyang'anira misika. Munthu tsopano anatha kupeza ndalama ya msonkho, nsalu ndi njinga ali pakhomo pake, osapita ku Halale kapena ku Joni. Kuyambira m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwanso kulima fodya wa bale, ndipo zigafa zinamera m'mudzi uliwonse.

Fodya ndi msewu ndizo zinakuza Madisi. Lero pali msika, masitolo, sukulu ya sekondale ndi chipatala cha mishoni ya Katolika, kumene odwala amadza kuchokera kutali. Nthawi yokolola ngolo zimalowa zodzaza ndi chimanga, mtedza ndi soya.

Tsono, mafumu, pali ngongole imene sitinabweze. Fodya wachikopa amadya nkhuni, wa bale amadya mitengo yomangira zigafa. Chaka ndi chaka nkhwangwa inalowa m'thengo, ndipo miombo, misuku ndi miwanga inapita. Amayi amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni, ena akuphikira zitsononkho. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo imakokolola chonde, nisiya zigwembe m'minda.

Komatu imani pamsewu muyang'ane uku ndi uku. Pamene muona kankhalango kobiriwira pakati pa minda, mudziwa kale kuti pamenepo ndi pamanda. Nanga mitengo imeneyo inapulumuka bwanji? Sipanaikidwe mlonda wa Boma, sipanamangidwe mpanda. Inapulumuka chifukwa mfumu inanena kuti kumanda ndi kudambwe sikulowa nkhwangwa popanda chilolezo chake, ndipo mudzi wonse unamvera.

Mphamvu imeneyo mukali nayo, ndipo malamulo a nkhalango a 1997 amakulolani kupatula malo a nkhalango ya mudzi. Itanani anthu anu pabwalo, muloze malowo, mupangane chilango cha wodula mtengo mwakuba. Zitsa zambiri za m'thengo n'zamoyo. Mukaziteteza ku moto ndi mbuzi zidzaphuka zokha. Ndipo inu alimi, pamene mukufesa fodya kudimba, fesaninso mitengo pambali pake, kuti chigafa cha mwana wanu chidzapeze nsichi.

Akulu anati madzi akatayika saoleka. Nthaka ikapita ku Bua sibwereranso kumunda. Tsalani bwino nonse.