Kayaki ku Senga Bay: zoti mudziwe musanapite

Kayaki ndi kabwato kopepuka ka munthu mmodzi kapena awiri, kopalasa ndi nkhafi yosalala mbali zonse ziwiri. Ife a ku Guilleme nyanja tilibe, ndiye kwapafupi ndi ku Senga Bay, m'boma la Salima: msewu wa M12 mpaka Lilongwe, kenako M14. Gombe lake linayang'ana kum'mawa, choncho dzuwa limatulukira pamadzi penipeni, asodzi a usipa akubwerera kumtunda.

Kulawirira si nkhani ya zithunzi zokha ayi. M'mamawa nyanja imakonda kukhala bata. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera suchedwa kugubuduza kabwato kotere. Valani life jacket, funsani asodzi za mphepo, ndipo ngati kusambira simudziwa, musatalikire gombe.